Kupala Moto ku Camps Bay

Chipinda changa chili kuseri kwa galaja, pa msewu wina wokwera wa ku Camps Bay. Ndikatsegula chitseko m'mawa ndimaona nyanja ya Atlantic pakati pa madenga a anthu olemera, ndipo ndikacheuka ndimaona mapiri aja amawatcha Twelve Apostles atandandalika ngati nduna pabwalo la milandu. Pano ndakhalapo zaka 10. Ntchito yanga ndi maluwa, kapinga, dziwe losambiramo ndi agalu awiri. Kwathu ndi ku Dedza. Lamulungu ndimakwera basi ya MyCiTi kutsata Victoria Road mpaka ku Hout Bay, komwe timapemphera ndi Amalawi anzanga a ku Imizamo Yethu. Kumeneko ndine mkulu wa mpingo, komanso mlembi wa gulu lathu la maliro.

Udindo wachiwiriwu ndi umene unandifikitsa pa nkhani ya kompyuta. Mmalawi akatisiya kuno, thupi lake liyenera kukagona kwawo, ndipo ulendo wake ndi wa masiku angapo, kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete. Ndalama za ulendowo munthu mmodzi sangazikwanitse, n'chifukwa chake timasonkha mwezi ndi mwezi. Zosonkhazo ndinkazilemba m'kope la chikuto cholimba. Moto utabuka ku Imizamo Yethu mu Malichi 2017 n'kupsereza nyumba zambirimbiri, kope la gulu lina la anzathu linapsera momwemo. Mkangano umene unatsatira, wofuna kudziwa yemwe anasonkha ndi yemwe sanasonkhe, unalekanitsa anthu omwe ankadyera mbale imodzi. Kuchokera pamenepo kope langa ndinkagona nalo kumutu, ndipo mtima sunkakhala pansi.

Mu Juni 2023, nthawi ya mvula ndi chisanu kuno, adona anandiitana kukhitchini. Patebulo panali laputopu yakuda yokhala ndi mng'alu pakona. Anati inali ya mwana wawo, tsopano ikungodya malo, ndiitenge. Ndinalandira ndi manja awiri n'kuthokoza, n'kuthokozanso. Usiku nditaiyatsa inangoonetsa mawu angapo oyera pa sikirini yakuda, basi. Mwana wawo uja anali atafufuta zonse zamkati asanaipereke, ndipo anachita bwino, chifukwa zithunzi ndi makalata ake si zanga. Koma pamodzi ndi zimenezo inapitanso pulogalamu yaikulu imene imayendetsa makina onse, yomwe amaitcha operating system. Popanda iyo kompyuta ili ngati nyumba yofolera bwino koma yopanda khomo lolowera.

Loweruka ndinapita nayo m'tauni, ku kashopu kena kokonza mafoni. Mnyamata wa pamenepo anaiyang'ana pang'ono n'kunena kuti andiikira Windows pa R250, ndikaitenge madzulo. Ndinamufunsa ngati eni pulogalamuyo amalandirako kanthu pa ndalamayo. Anandiyankha mosabisa kuti yakeyo ndi yakuseri, yothyoledwa loko, ndipo anthu ambiri amaika yomweyo. Ndinamuthokoza chifukwa sanandinamize, koma laputopu ndinabwerera nayo. Basi itakwera Kloof Nek n'kuyamba kutsetserekera kunyanja, funso linali litandigwira kale pakhosi, ndipo ndi funso limene ndakhala ndikulimbana nalo mpaka lero.

Ndinalitula kwa akulu a mpingo anzanga titatha mapemphero. Mmodzi, munthu amene ndimamulemekeza kwambiri, anandifunsa kuti, "Akulu, munthu akakuberani chimanga m'nkhokwe, nkhokwe imachepa. Nanga apa mwiniwake wasowa chiyani? Yake idakali m'manja mwake." Ndinasowa choyankha tsiku limenelo, chifukwa mfundo yake ndi yolemera. Lamulo loletsa kuba linaperekedwa kwa anthu a ng'ombe, minda ndi zovala, zinthu zoti zikachoka kwa uyu n'kupita kwa uyo, uyu amatsala manja lende. Pulogalamu mukhoza kuikopera maulendo chikwi, yoyambayo osaperewera ngakhale pang'ono.

Koma ndikamathirira maluwa sabata yotsatira ndinaona kuti chimene chinkandivuta chinali bodza. Poika pulogalamu yogulitsidwa pamabwera mawu a pangano, ndipo munthu amadina batani lovomereza kuti waipeza m'njira yoyenera ndipo atsata zofuna za eni ake. Ine ndikanadina batani limenelo ndikudziwa kuti loko yathyoledwa. Kenako m'makina omwewo ndikanasungamo ndalama za amasiye, zomwe mphamvu yake yonse yagona pa kukhulupirika kwa mlembi. Sindikuweruza m'bale aliyense amene anaika yakuseri. Ndikudziwa mtengo wa zinthu, ndikudziwanso malipiro athu. Ine ndekha mtima wanga unakana, ndipo laputopu inakhala pansi pa bedi milungu itatu.

Amene anaitulutsa pansi pa bedi ndi mnyamata wina woperekera zakudya mu lesitilanti ina ya m'mphepete mwa nyanja. Anabadwira ku Zimbabwe, koma agogo ake anachoka ku Ntcheu kalekale kukagwira ntchito m'mafamu a ku Rhodesia, ndipo Chichewa chake chimatuluka chosakanikirana ndi Chishona. Amanditcha amalume, ine ndimamutcha mphwanga. Masana amaphunzira za makompyuta, usiku amanyamula mbale. Nditamufotokozera vuto langa anati, "Amalume, pali ina yomwe eni ake amachita kukupemphani kuti muikopere."

Sindinamukhulupirire msanga. Kuno ku Joni munthu akakuuza kuti chinthu n'chaulere umayamba wayang'ana komwe kuli mbedza. Koma anakhala pa mpando wanga umodzi womwewo n'kundifotokozera mofatsa. Mu 1983 munthu wina wa ku America, Richard Stallman, anayambitsa ntchito yotchedwa GNU, yomanga mapulogalamu oti aliyense akhale ndi ufulu wowagwiritsa ntchito, wowerenga momwe analembedwera, wowasintha ndi wogawira anzake. Mu 1991 wophunzira wa ku Helsinki, dziko la Finland, dzina lake Linus Torvalds, analemba chigawo chapakati chimene chimalankhula ndi zitsulo za kompyuta, n'kuchiika poyera kuti ena amuthandize. Chigawo chimenecho ndiye Linux. Anthu a m'mayiko osiyanasiyana, ambiri osaonanapo nkhope, akhala akuwonjezerapo kuyambira nthawi imeneyo. Kenako mphwanga analoza foni yanga ya Android n'kunena kuti Linux yomweyo ili mmenemo. Ndinali nditayenda nayo m'thumba zaka zonsezi osadziwa.

Chimene chinandigwira mtima ndi pangano lake, lomwe amalitcha GPL. Limati tenga, gwiritsa ntchito, sintha monga ufunira, ngakhale kugulitsa ukhoza. Koma ukapatsa munthu wina zomwe wasinthazo, uzimupatsa pamodzi ndi malemba ake amkati ndi ufulu womwewo umene iwe unalandira. Sungatseke chitseko chimene unachipeza chotsegula.

Atangonena zimenezo ndinakumbukira mayi anga. Kwathu machesi sankapezeka nthawi zonse. M'mamawa amayi ankandipatsa phale n'kunena kuti, "Thamanga ukapale moto kwa anansi athu." Ndinkapita, kugwada pakhomo, iwo n'kukankhira makala awiri ofiira paphalepo, ine n'kubwerera ndikuuzira kuti asazime. Palibe ankalipira moto. Palibe ankauwerenga ngati ngongole. Pa mafuwa a opatsawo moto unkayakabe monga kale. Koma panali lamulo losalembedwa lomwe mwana aliyense ankalidziwa: nyumba imene yapala moto lero singamane mwana wa mnansi mawa. Mayi womana moto mudzi wonse unkamunena, ndipo mawu omunenera anali akuti alibe umunthu. Ndinauza mphwanga kuti pangano la azunguwo ife tinali nalo kale pa mafuwa.

Kusankha kunali ntchito ina. Linux ilipo mitundu yambiri, monga momwe chimanga chilili ndi mbewu zosiyanasiyana. Mphwanga anabwera ndi mafulashi awiri, ndipo anandionetsa chinthu chomwe sindinkachiyembekezera: ukhoza kuyendetsa pulogalamu yonse kuchokera pa fulashi, kuiyesa tsiku lonse, osaika kalikonse m'makina. Iye ankafuna ndiike Linux Mint, chifukwa maonekedwe ake savuta kwa munthu amene anaonapo Windows. Anatchulanso Debian, yomwe inayamba mu 1993 ndipo mitundu ina yambiri inaphukira pa tsinde lake, koma anati ndidzaiona ndikakhwima. Pa fulashi yachiwiri panali Ubuntu 22.04. Manambalawo akutanthauza Epulo 2022, ndipo mtundu umenewo eni ake amaukonza zaka 5. Ine nditangomva dzinalo ndinati ndi yomweyo. Mphwanga anandichenjeza kuti dzina siliyendetsa makina, ndipo ananena zoona. Laputopu yanga ili ndi memori ya 4 GB yokha, ndipo Ubuntu inkayenda mokoka miyendo. Tinagwirizana pa Xubuntu, yomwe ndi Ubuntu yomweyo koma yovala chovala chopepuka. Inatenga nthawi yosakwana ola kuti ilowe, kunja mvula ikuwomba pazenera.

Milungu yoyamba inali yowawa, ndipo sindikufuna kunamiza aliyense kuti inali yophweka. Wi-Fi inakana kugwira. Chifukwa chake n'chakuti kachipangizo kogwira Wi-Fi mkati mwa laputopuyo kamafuna kapulogalamu kake komwe sikabwera pamodzi ndi zinazo. Tinalumikiza foni ndi chingwe, kubwereka intaneti ya pafoni, n'kutsitsa kapulogalamuko pa bandulo yanga. Kenako panali zenera lakuda lija amalitcha terminal, momwe umalemba malamulo ndi zala m'malo modina zithunzi. Mphwanga anandilembera papepala mawu akuti sudo apt update, n'kunena kuti ndiziwalemba kamodzi pa sabata. Usiku woyamba ndili ndekha makina anandifunsa pasiwedi, ndinalemba, koma pa sikirini sipanaoneke kanthu, ngakhale kadontho. Ndinaganiza kuti kiyibodi yafa ndipo ndinagona ndi chisoni. M'mawa mwake ndinamva kuti ndi dala: imabisa kuti woima kumbuyo kwako asawerenge ngakhale kuchuluka kwa zilembo.

Tsiku lina ndinafufuta molakwitsa fayilo ya miyezi itatu ya zosonkha, yomwe ndinailemba usiku wambiri mu LibreOffice Calc. Mwamwayi kope linalipo. Ndinayambiranso, ndipo kuyambira tsiku limenelo fayilo ya gulu ndimaisunga m'malo atatu: pa laputopu, pa fulashi yomwe imakhala ndi msungichuma, ndi pa fulashi ina yomwe imakhala kwa abusa. Mphwanga sanandikonzere chilichonse ine ndikungoonerera. Ankapinda manja n'kunena kuti, "Werengani zomwe yalemba, amalume. Ikukuuzani chomwe chavuta." Ndinkakwiya naye mumtima, pakuti anali ndi mphamvu yothetsa vutolo pa mphindi imodzi. Malamulungu 6 otsatizana anabwera madzulo, atatopa ndi ntchito ya usiku wa Loweruka, ndipo sanalandire kanthu koposa tiyi ndi buledi.

Koma dzina lija la Ubuntu limandivuta. Amene anayambitsa Ubuntu ndi Mark Shuttleworth, wobadwira ku Welkom mu 1973, amene anaphunzira pa University of Cape Town, kuseri kwa phiri lomweli. Mu 1995 anayambitsa kampani yotchedwa Thawte, mu 1999 anaigulitsa kwa VeriSign pa mtengo wa pafupifupi madola 575 miliyoni, ndipo mu 2002 analipira ulendo wopita m'mlengalenga pa chombo cha ku Russia. Mu Okutobala 2004 iye ndi kampani yake ya Canonical anatulutsa Ubuntu yoyamba, yomangidwa pa Debian. Kwa zaka zingapo, mpaka 2011, ankatumiza ma CD ake kwaulere pa positi kwa aliyense wopempha, kulikonse padziko. Mawu akuti ubuntu ndi a Chizulu ndi Chixhosa, ndipo ndi omwewo timati umunthu. Akibishopu Desmond Tutu, amene anatumikira pa tchalitchi cha St George's mumzinda uno, anawalalikira mpaka dziko lonse linawamva. Kwathu nakonso akatswiri a zaumulungu monga Augustine Musopole analemba mozama za umunthu.

Chondivuta n'chakuti ndikukhala m'dziko limene mawuwa amamveka paliponse, koma mu Meyi 2008 anthu 62 anaphedwa pa ziwawa zothamangitsa obwera, ndipo ziwawa zotere zinabukanso mu 2015 ndi 2019. Ndanyozedwapo mu takisi chifukwa cha kalankhulidwe kanga. Camps Bay yomwe ndimasesa masamba ake inali dera la azungu okhaokha nthawi ya tsankho, ndipo lero ambiri a ife akuda timalowamo m'mawa ndi basi n'kutulukamo madzulo. Choncho ndikaona mawu opatulika ataikidwa pa katundu wa kampani, mtima umafunsa ngati sakugulitsidwa monga momwe amagulitsira ziboliboli kwa alendo m'mphepete mwa msewu. Canonical ndi bizinesi, imapeza ndalama pothandiza makampani akuluakulu omwe amagwiritsa ntchito Ubuntu. Mu 2012 Stallman mwiniwake anaidzudzula poyera chifukwa mtundu wina wa Ubuntu unkatumiza kunja mawu omwe munthu akufufuza pa kompyuta yake kuti umuonetse malonda a Amazon. Anthu anadandaula, ndipo patapita nthawi zimenezo zinazimitsidwa. Anatha kudandaula chifukwa malemba amkati anali poyera, aliyense wodziwa kuwerenga ankaona chomwe chikuchitika. Apa ndi pomwe ndinaona kuti umunthu wa chinthuchi uli m'pangano lija, lomwe limamanga manja a wolemera ndi wosauka mofanana, ndipo Shuttleworth mwiniwake sangalimasule pa zomwe analandira kwa ena.

M'chipinda changa muli mphatso ziwiri zomwe zakhala chinthu chimodzi, ndipo ndikazisiyanitsa ndimaona kanthu. Laputopu anandipatsa adona, mwa mtima wabwino, ndipo ndikuwathokoza mpaka lero. Koma mphatso imeneyo inachokera kumwamba kutsikira pansi. Ine sindingawabwezere chofanana nacho, ndipo tonse awiri tikudziwa. Yanditsalira ndi ngongole ya kuthokoza, yomwe ndimaimva nthawi iliyonse akandifunsa ngati makina aja akuyenda bwino. Akulu anati kupatsa n'kuika, kutanthauza kuti wopatsa lero adzalandira mawa, ndipo mwambiwo umagwira ntchito pakati pa anthu omwe tsiku lina akhoza kusinthana malo. Pakati pa mwini nyumba ya ku Camps Bay ndi wosamala maluwa ake mawa limenelo silifika. Ndaona anthu ambiri kuno akufota chifukwa cha mphatso zotere, zovala zakale, mipando yakale, chakudya chotsala. Zimathandiza thupi, koma munthu amazolowera kutambasula manja mpaka kuiwala kuti manja omwewo akhoza kupatsa.

Mphatso yachiwiri ilibe nkhope yoti ndiigwadire. Omwe analemba mapulogalamuwa sindidzawaona, ndipo sakuyembekezera zikomo wanga. Koma tsiku lomwe ndinailandira ndinakhalanso ndi mphamvu yoipereka yathunthu, yosachepa, kwa munthu wina. Fulashi yanga ili ndi Xubuntu yomweyo imene munthu wachuma wa ku Clifton angaike pa makina ake. Palibe mtundu wa mabwana ndi mtundu wa antchito. Wosauka amalandira n'kusanduka wopatsa nthawi yomweyo, ndipo ine ndikukhulupirira kuti apa ndi pomwe pagona umunthu: mphatso yoona imamusiya wolandira ali chilili, ali ndi kanthu m'manja koti apatse wina.

Mkulu mnzanga uja sanandisiye. Nditamufotokozera zonsezi anati, "Ngati wopatsa sataya kanthu, ndiye wapatsa chiyani? Ambuye anayamikira mayi wamasiye uja chifukwa timakobiri take tiwiri tinali zonse zomwe anali nazo." Funso limeneli ndinalisenza masiku ambiri. Yankho ndinalipeza pobwerera kwa anansi aja a paphale. N'zoona kuti makala awiri sankawachepetsera moto. Koma moto umenewo unalipo m'mawa chifukwa dzulo lake iwo anakwera phiri kukatola nkhuni, anasenza mtolo pamutu, ndipo usiku anakwirira chikuni ndi phulusa kuti chisazime. Mtengo unalipiridwa, kungoti unalipiridwa ine ndisanafike ndi phale langa. Chimodzimodzi anthu omwe amakhala usiku akusaka cholakwika mu pulogalamu yomwe adzaipereka kwa anthu osawadziwa. Ndipo pafupi penipeni, timakobiri tiwiri ndinationa ndi maso anga: Malamulungu 6 a mnyamata wotopa amene akanatha kugona.

Tikaimba za chisomo m'tchalitchi timati n'chaulere, ndipo n'zoona, koma palibe Mkhristu amene anganene kuti sichinadye kanthu. Chinali chaulere kwa ife chifukwa wina analipira. M'buku la Mateyu, mutu 10, Yesu akutuma ophunzira ake 12 ndipo akuwaletsa kugulitsa chimene iwo sanagule. M'buku la Machitidwe, mutu 8, Simoni wa ku Samariya akudzudzulidwa chifukwa anayesa kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama. Sindikunena kuti pulogalamu ya kompyuta ndi chisomo. Kutero kungakhale kuchepetsa zinthu zopatulika. Ndikunena kuti makina akale a mng'alu pakona anandiphunzitsa kumva bwino chiphunzitso chomwe ndakhala ndikuchiphunzitsa m'kalasi ya chikatekumeni kwa zaka zambiri: chimene walandira osalipira sichikusandutsa wangongole kwa wokupatsayo, chimakusandutsa wangongole kwa amene akubwera pambuyo pako.

Pano ndiyenera kuchenjeza, chifukwa mawu okoma amapweteka akagwera m'kamwa molakwika. Ife ogwira ntchito m'nyumba za anthu timawadziwa mawu akuti ndiwe wa m'banja lathu. Kawirikawiri amabwera pamene akufuna ugwire Lamulungu popanda malipiro owonjezera. Umunthu ukasanduka chifukwa chomanira wantchito malipiro ake, pamenepo wasanduka chinyengo. Mutu womwewo wa Mateyu umavomereza kuti wantchito ayenera kudya. Choncho sindikunena kuti olemba mapulogalamu azigwira ntchito ndi njala, kapena kuti wogulitsa pulogalamu yake ndi wochimwa. Ambiri omwe amakonza Linux lero amalipidwa ndi makampani, ndipo n'zoyenera. Mphwanga akamaliza sukulu ndikufuna adzalandire malipiro abwino. Anansi aja ankagulitsa nkhuni pamsika wa Lizulu, ndipo palibe ankadabwa. Chomwe sankagulitsa ndi moto. Nkhuni ndi thukuta la munthu, ndipo thukuta lili ndi mtengo. Nzeru ya momwe chinthu chimayendera ikafika kwa mnzako siichoka kwa iwe, ndipo kuitsekera m'bokosi n'cholinga choti anzako azibwera kudzagwada chaka ndi chaka ndi chimene chikumbumtima changa chimakana.

Kwathu zinthuzi zinafika kale, kungoti sitizitchula. Bungwe la Baobab Health linayamba cha mu 2001 kuika makompyuta odina pa sikirini m'chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, ndipo linamanga ntchito yake pa mapulogalamu otseguka otere, omwe achinyamata a ku Malawi ankawalemba ndi kuwakonza okha. Amene anaonapo kapepala ka mizeremizere komatidwa pa kabuku ka kuchipatala anaona chipatso chake. Dziko losauka ngati lathu silingakwanitse kulipira chilolezo cha kompyuta iliyonse ya m'sukulu ndi m'chipatala, komanso siliyenera kulera ana ake pa mapulogalamu othyoledwa loko, ngati kuti njira yokhayo yopezera nzeru ndi kulowera pazenera. Microsoft inasiya kukonza Windows 10 mu Okutobala 2025, ndipo makompyuta ambiri akale sangathe kunyamula Windows 11. Ambiri mwa makina amenewo ndi abwinobwino. Adzafika m'manja mwa anthu ngati ine, kuno ndi kwathu komwe.

Pali chinthu chimodzi chomwe chinandipweteka tsiku loika lija, ndipo ndachisunga mpaka pano. Pulogalamu isanalowe imakufunsa chilankhulo. Ndinatsitsa mndandanda wonse kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo Chichewa sindinachipeze. Ndikalemba kalata ya gulu, pafupifupi liwu lililonse limadulidwa mzere wofiira kunsi ngati lolakwika. Ndinafunsa mphwanga kuti tikadandaule kwa yani. Anandiyankha kuti palibe wotiletsa, mawu onse a m'mapulogalamuwa ali poyera, ndipo zilankhulo zomwe zili pa mndandandawo zilipo chifukwa eni ake anakhala pansi n'kumasulira. Mlandu unabwerera kwa ife. Tapala moto, koma nkhuni zathu sitinabweretse.

Zimenezi zinandikumbutsa mbiri ya mpingo wanga. Amishoni omwe anafika ku Mvera mu 1889 n'kudzakhazikika ku Nkhoma mu 1896 anachokera kuno ku Cape. Buku Lopatulika linatuluka lathunthu mu 1922, pa ntchito yomwe anaitsogolera William Murray. Koma azunguwo sakanatha okha. Panali aphunzitsi ndi akulu a kwathu omwe anakhala nawo zaka zambiri, akuyesa liwu lililonse pa lilime, akukana ili n'kuvomereza ilo, ndipo ambiri mwa iwo mayina awo sitiwadziwa. Chifukwa cha anthu amenewo mayi anga, omwe sanaphunzire Chingerezi, anamva Mulungu akulankhula Chichewa. Kali kokha n'kanyama, ndipo chilankhulo chomwe eni ake sachilowetsa m'zida za nthawi yawo chimatsala chokha kuthengo.

Ine Chingerezi changa n'cha Fomu 2, koma ndayamba. Ndili ndi kope lina momwe ndimalemba mawu omwe ndimawaona pa sikirini ndi Chichewa chake: sunga, tsegula, tseka, fufuta, bwerera, tsimikiza. Ena amandigonetsa mochedwa, chifukwa liwu limodzi la Chingerezi limafuna kuti uyambe wamvetsa chomwe makina akuchita usanalipatse dzina. Mphwanga amandithandiza kumvetsa, ine ndimamuthandiza Chichewa cha agogo ake, ndipo pa ntchito imeneyi tonse ndife ophunzira. Kope la maliro tsopano lili m'makina, ndipo pa msonkhano uliwonse ndimatembenuza sikirini kuti membala aliyense aone dzina lake ndi zomwe wasonkha. Ndaikira kale Xubuntu anthu atatu a mumpingo. Mmodzi ndi mayi wogwira ntchito m'nyumba ku Llandudno, amene mwana wake ali sekondale. Nditamaliza anatulutsa R100 m'chikwama. Ndinawauza kuti, "Mayi, bwezani ndalamayo. Mwanayu akaidziwa bwino, adzaikire mnzake."

Inu aphunzitsi a Chichewa, inu ophunzira a ku UNIMA, MUBAS, MUST ndi Mzuni, inu omasulira mabuku ndi olemba nkhani m'manyuzipepala, muli ndi Chingerezi ndi Chichewa choposa changa kutalitali. Khomo la ntchitoyi n'lotsegula ndipo palibe amene adzakufunseni chiphaso. Tengani mawu khumi pa sabata, muwamasulire, muwatumize. Ndipo inu abale anga muli ndi laputopu yakale pansi pa bedi kuno ku Cape Town, musaitaye. Bwerani nayo Lamulungu ku Hout Bay tikatha mapemphero, fulashi ndimayenda nayo m'thumba la jekete.